Mbereko ikadali m'sutikesi: yankho kwa mng'ono wanga wa ku Kapata

Kalata iyi inalowa pa imelo Lachiwiri usiku magetsi atazima, ndipo ndinaiwerenga katatu pafoni ndisanagone. Mwini wake wandilola kuiyankha poyera, bola ndisamutchule. Ndaidula apa ndi apo, ndachotsanso zonse zimene anthu a ku Kapata akanamudziwira.

"Amayi, ndili ndi zaka 33, ndakhala m'banja zaka zinayi koma sindinaimepo ngakhale kamodzi. Amuna anga ndi Angoni, anandilowola ndi ng'ombe. Apongozi akabwera kuchokera kumudzi amayamba ayang'ana pamimba asanandipatse moni. Ndimagulitsa salaula pamsika, koma ndalama za chilimba zonse zathera kwa asing'anga, atatu tsopano. Ndasala kudya kuphiri. Mneneri wina akuti azakhali anga anandimanga. Alamu anga akuti ndi nyeleti yolera imene ndinkabaya ndisanakwatiwe. Kuchipatala sitinapite chifukwa amuna anga akukana, akuti iwo alibe vuto, ali ndi mwana amene anabereka ali mnyamata. Tsopano kwawo akukamba zoti akwatire wina. Ndilole? Ndichoke? Kapena ndidikirebe? Mbereko imene amayi anga anandipatsa pa kitchen party ikadali m'sutikesi."

Mng'ono wanga, pepani. Ndayamba dala ndi mawu amenewa, chifukwa ndikukayika ngati m'zaka zinayizi alipo anakuuzanipo pepani osasanjikizapo malangizo pamwamba.

Mwandifunsa mafunso atatu, koma onse adumpha funso limene linayenera kutsogola: chikuletsa mimba n'chiyani, ndipo chili m'thupi la ndani? Mlandu wanu wazengedwa m'mabwalo ambiri, kwa apongozi, kwa alamu, kwa asing'anga, kuphiri, ndipo konseko chigamulo chatuluka chakuti wolakwa ndinu. Koma pa oweruza onsewo palibe amene anaonapo m'kati mwa thupi lanu kapena la amuna anu. Ine sindingakuuzeni kuti lolani mitala kapena longedzani katundu pa mlandu woti sunafufuzidwe.

Mudziwe kaye amene akukuyankhani. Sindine dokotala. Ndinali mphunzitsi wa pulaimale, ndinayambira kumidzi ya ku Chadiza n'kudzapumira pantchito kuno ku Chipata. Ana amene ndinawagwira dzanja polemba a e i o u sindingawawerenge, koma wotuluka m'mimba mwanga ndilibe.

Ndinaima kamodzi, ndili ndi zaka 25. Mimba inapita padera ili ya miyezi inayi, mwezi wa February, dambo litadzaza moti ngolo sikanawoloka. Amayi achikulire a m'mudzimo anandisamalira mmene ankadziwira: madzi otentha, phala, timizu. Patapita masiku atatu thupi linayamba kutentha, m'munsi mwa mimba mukupweteka ngati aikamo khasu lamoto, kukutuluka zonunkha. Ndinagona sabata yathunthu, kenako ndinadzuka ndekha, aliyense n'kumati Mulungu ngwamkulu, wapulumuka. Kuchipatala sindinapite. Ndikanapitiranji poti ndadzuka?

Zaka 13 zotsatira ndinayenda njira yomwe mukuyendayi. Ndinamwa mizu yoviika m'mabotolo, ndinatemedwa mphini m'chiuno zimene zipsera zake ndikadali nazo, ndinapereka nkhuku yoyera, kenako mbuzi, kenako malipiro a mwezi wathunthu. Ndinawoloka pa Mwami kupita ku Mchinji, ndinafika mpaka kumalire a Mozambique ku Chanida. Sing'anga wina anandiuza kuti azakhali anga, alongo awo a bambo, anaba kansalu kanga ka kumwezi n'kukakakwirira pachulu. Ndinakhulupirira. Zaka 9 sindinawapatse moni mayi amene anandigulira yunifomu yanga yoyamba.

Ndili ndi zaka 38 mnzanga wina, nesi, anatopa kundinyengerera, anangondikalipira, ndipo ndinakwera basi ya ku Lusaka. Kumeneko anandijambula chithunzi chimene madokotala amati HSG. Amakugoneka pa tebulo lozizira, amalowetsa timadzi tina m'chiberekero kudzera kunjira ya abambo, ndiyeno amajambula ekisire kuti aone ngati timadzito tikudutsa m'machubu awiri aja amene dzira limadzeramo. Kumapweteka ngati m'mimba mwa kumwezi, mphindi zochepa chabe. Dokotala anapachika chithunzicho powala n'kumandilozera ndi bolopeni: apa chiberekero chili bwinobwino, apa madzi anayenera kutulukira uku ndi uku, taonani aima pomwepa, mbali zonse ziwiri. Kenako anafunsa, maso ali pachithunzi, "Munapitapo padera? Thupi linatentha pambuyo pake?" Palibe sing'anga kapena mneneri amene anandifunsapo zimenezo. Matenda a sabata imodzi aja ndi amene anatseka machubu, ndipo mankhwala opha tizilombo a masiku owerengeka, akanaperekedwa nthawi yomweyo, mwina akanawapulumutsa.

Pobwerera ndinalira kuyambira ku Chongwe mpaka pa Luangwa Bridge. Basi itaima anthu anatsika kukagula nsomba zouma ndi madengu, ine ndinatsala pampando, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti pansi pa chisonicho mtima wapepukako. Ndinali nditadziwa. Panalibe chulu, panalibe kansalu. Titafika ku Nyimba ndinagula nthochi, ndinadya. Mwezi womwewo ndinapita kwa azakhali ndi nkhuku ndi chitenje, ndinagwada pakhomo. Anandiyang'ana n'kungoti, "Wabwera? Lowa, nsima ikuzizira." Anamwalira patapita zaka ziwiri. Pa zonse zimene kusabereka kunandilanda, zaka 9 zija ndi zimene zimandiluma mpaka lero, kotero mneneri wanu uja ndilibe naye mawu okoma. Pempherani, inenso ndimapemphera. Koma munthu wokulozerani chala m'bale wanu popanda umboni akukulandani munthu wamoyo pamene inu mukufunafuna amene sanabadwe.

Tsopano za amuna anu, pakuti pagona nkhani m'pamenepa.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatulutsa lipoti mu 2023 lonena kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 alionse amakumana ndi vuto la kusabereka nthawi ina pa moyo wake, ndipo mayiko olemera ndi osauka sasiyana kwenikweni. Lamlungu lino muwerenge anthu pa benchi yanu. Kungoti kuno, kumene kafukufuku wa 2018 anapeza kuti mkazi wa mu Zambia amabereka ana pafupifupi asanu, wopanda mwana amaonekera patali ngati mlambe m'munda, ndipo aliyense amalira payekha. Achipatala amati pali vuto ngati mwamuna ndi mkazi akhala malo amodzi kawirikawiri, osalera, kwa miyezi 12 popanda mimba. Mkazi akadutsa zaka 35 salola n'kudikira chaka komwe, amati miyezi 6 yakwana. Inu mwadikira miyezi 48. Ndipo mabanja otere akapimidwa, pafupifupi theka vuto limapezeka mwa mwamuna, kaya yekha kaya pamodzi ndi mkazi. Theka! Koma mawu akuti chumba amanenedwa masana dzuwa lili pamutu, pamene akuti gojo amanenedwa monong'ona kuseri kwa nkhokwe, mwini wake atachoka.

Kwathu kunali mayi wina amene anabwezedwa kwawo atakhala m'banja zaka 7, akumunena kuti amangodzaza chimbudzi. Anakakwatiwa ndi bambo wina wa ku Sinda amene mkazi wake anamwalira, ndipo m'zaka zisanu anabereka atatu. Mwamuna woyamba uja anakwatira kawiri, nyumba ili zii. Mudzi wonse unaona, koma palibe anapita kukapepesa. Funsani mayi aliyense wachikulire pa Saturday Market, akuuzani nkhani yonga iyi ya kumudzi kwawo.

Akuti ali ndi mwana wa paunyamata. Sindikutsutsa, ndipo inunso musayerekeze kutsutsa zimenezo pamaso pawo, mungayatse moto wina. Koma kubereka zaka khumi zapitazo si umboni wa lero. Mbewu ya mwamuna imapangidwa mwatsopano nthawi zonse, imatenga pafupifupi miyezi iwiri ndi theka kuti ikhwime, ndipo zoiwononga n'zambiri: chinzonono chosachizidwa bwino chimatseka njira, matsagwidi akagwira munthu wamkulu amatha kutsikira kumaliseche n'kutupitsa, ena mitsempha ya kumeneko imafufuma, ena ndi shuga, fodya, mowa wa tsiku ndi tsiku. China chimene abambo ambiri sadziwa n'chakuti mphamvu za kuchipinda ndi mbewu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Munthu akhoza kukhala tambala weniweni, umuna n'kumaoneka bwinobwino, koma m'kati mulibe mbewu, kapena ilimo yochepa, kapena yaulesi yosatha kusambira. Ndi maso sungaone, pamafunika makina a ku labu. Mantha a abambo agona pamenepa: amaona ngati kupimitsa ndi kuvomera kuti si amuna.

Ndiye taonani kukondera kwake. Kupima mwamuna n'kosavuta kuposa kupima kulikonse kumene mkazi amapirira. Amadziletsa masiku awiri mpaka 7, amapatsidwa kabotolo, amapereka umuna, basi. Palibe singano, palibe kuvula pamaso pa munthu. Zotsatira zikatuluka zosakoma amabwereza pakapita miyezi ingapo, chifukwa ngakhale malungo otentha thupi amatha kugwetsa mbewu kwa kanthawi. Yerekezani ndi tebulo lozizira lija. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake amafuna kuona mwamuna koyambirira, asanayambe kuvutitsa mkazi. Ndipo sikuti vuto likapezeka mwa mwamuna ndiye kwatha. Mnzanga wina wa m'kwaya anakoka mwamuna wake zaka ziwiri kuti akapimitse. Atapita zinapezeka kuti mbewu ilipo koma yochepa, anachizidwa matenda amene ankayenda nawo osadziwa, anasiya fodya, mowa anachepetsa mong'ung'udza. Mtsikana wawo ali giredi 4. Si onse zimawayendera chonchi, koma zaka ziwiri zokanganazo akanazipewa ndi kabotolo kamodzi.

Muwauza bwanji? Osati usiku mutakangana, osati apongozi ali pakhonde. Ndipo musanene kuti mwina vuto ndinu. Nenani kuti, "Bambo, ndatopa ndi mizu, ndikufuna kupita kuchipatala, koma kumeneko amafuna tonse awiri. Ndiperekezeni." Akakana, pitani kwa ankhoswe, pakuti ntchito yawo si ya pa tsiku la ukwati ndi pa ndewu pokha. Sankhani wamwamuna amene amuna anu amamupatsa ulemu, kaya amalume awo kaya mkulu wa mpingo wosunga pakamwa, akakambe paokha ngati amuna. Ndipo mukaitanidwa pa nkhani ya mitala ija, yankho lanu likhale limodzi, mwaulemu, mutagwada monga mwa mwambo: "Ndamva, koma tiyambe tapita kuchipatala tonse awiri, tikabwere ndi pepala." Anthu ofunadi mwana sangakane zimenezo. Akakana, mwadziwa kuti pali chimene akuopa.

Amuna anu akakanitsitsa, pitani nokha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa zaka 33 simunachedwe, koma mazira a mkazi sadikira kuti mkangano uthe, ndipo mwayi umatsika mofulumirako munthu akadutsa 35. Adzakuuzani kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha zaka 13.

Yambirani pa kiliniki yanu, mukapemphe kalata yopita ku Chipata Central Hospital kukaonana ndi a matenda a amayi. A kumadera a Katete ali ndi St Francis, a kumalire ali ndi chipatala cha Mwami, ndipo zimene zalephereka kuno amatumiza ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Mukafika musabise kanthu, ngakhale zimene amuna anu sazidziwa. Dokotala si nkhoswe, sakaulula.

Zimene adzafufuze mwa inu si zambiri. Adzafuna kudziwa ngati dzira limatuluka mwezi ndi mwezi. Mkazi amene amasamba mosadumpha, masiku akubwera pa nthawi yofanana, kawirikawiri limatuluka. Amene amatha miyezi iwiri itatu osaona kanthu, makamaka ngati thupi likunenepa, ziphuphu zikutuluka, tsitsi likumera pachibwano, akhoza kukhala ndi vuto lotchedwa PCOS, ndipo limeneli lili ndi mapiritsi othandiza dzira kutuluka. Mapiritsiwo akulembereni dokotala, musagule kwa mayi wa pa gulu la WhatsApp. Adzaona chiberekero pa sikani ngati muli zotupa zimene amati ma fibroid, zofala kwambiri mwa ife akazi akuda. Zambiri sizilepheretsa mimba, zolepheretsazo zimachotsedwa. Kenako machubu, amene kuno ku Africa ndiwo agwetsa ambiri. Amatsekeka ndi matenda opatsirana pogonana, makamaka chinzonono ndi chlamydia, amene mwa mkazi amatha kukhala phee osaonetsa chizindikiro chilichonse. Amatsekeka ndi matenda obwera pambuyo pochira, popita padera ngati ine, kapena pochotsa mimba mobisa. Ngakhale TB imafika kumeneko. Ndipo ife okulira m'madambo, ochapa ndi kusamba m'madamu, tiziwauza madokotala za likodzo. Ambiri timalidziwa ngati matenda a anyamata okodza magazi, koma mazira a tizilombo take amakhazikikanso m'ziwalo zoberekera za mkazi. Mankhwala ake, praziquantel, ndi omwe aja amagawa kusukulu.

Za nyeleti, alamu anu apumule. Jakisoni wa miyezi itatu amachedwetsa mimba, n'zoona: ena amadikira miyezi khumi, ena chaka kapena kupitirirako pang'ono kuchokera pa nyeleti yomaliza. Koma satseka chiberekero, saumitsa mazira, ndipo sangakhale m'thupi zaka zinayi. Chimene ndikuopa ine ndi zoika kunjira ya abambo zimene asing'anga ena amapereka. Ngati muli nazo, tayani lero lomwe, zimatupitsa n'kuitana matenda omwe aja otseka machubu. Zakumwazonso palibe amadziwa mlingo wake, ndipo chiwindi ndi impso zilibe pakamwa podandaulira.

Pamene mukudikira tsiku la kuchipatala, gulani kakope muzilembamo tsiku loyamba kusamba mwezi uliwonse, mudzapite nako. Dzira limatuluka pafupifupi masiku 14 kusamba kotsatira kusanayambe ndipo limakhala ndi moyo tsiku limodzi lokha, pamene mbewu ya mwamuna imatha kudikira m'thupi mpaka masiku 5. Kwa amene amasamba pa masiku 28 alionse, masiku abwino ali cha pa 10 mpaka 15 kuwerenga kuchokera tsiku loyamba. Koma chipinda chisasanduke ofesi. Kukhala malo amodzi pakadutsa tsiku limodzi kapena awiri, mwezi wonse, n'kokwanira. Ndatchula izi chifukwa mabanja ambiri kuno mwamuna amayendetsa thiraki ya ku Beira kapena ali kumigodi ku Solwezi, amabwera kumapeto kwa mwezi atalandira, ndipo dzira silidziwa tsiku la malipiro. Mukapemphenso ku kiliniki mapiritsi a folic acid, aja amapatsa amayi apakati, amayenera kuyamba munthu asanaime.

Tibwere ku mitala. Apongozi anu ndikuwamvetsa, ngakhale sindikuwavomereza. Kwa Angoni ng'ombe zikapita ana ndi a kuchimuna, ndipo mayi wachikulire amene mwana wake alibe mwana amaona mudzi ukutha iye akuyang'ana. Kwa ife Achewa ana ndi a mbumba ya kuchikazi, ndiye kale zikavuta maso ankagwera mkamwini: miyezi ikachuluka, akuluakulu ankakumana usiku n'kupangana zolowetsa fisi. Achinyamata amaseka akamva, koma mwambo umenewo ukutiuza kanthu. Makolo athu ankadziwa bwino lomwe kuti vuto limatha kukhala mwa mwamuna, anangosankha kuliphimba ndi mdima. Lero, ndi HIV ili panjayi, fisi ndi njira ya kumanda, ndipo mnzanu wokunong'onezani kuti kayeseni panja, adziwa ndani, asakunamizeni. N'chimodzimodzi amuna opita kukayesa mbewu kunja: amabwera ndi matenda amene amatseka machubu a mkazi woti anali bwinobwino.

Dziwaninso pamene mwaima pa lamulo. Ngati ukwati wanu ndi wa mwambo wokha, mwambo umalola mitala ndipo milandu yake imapita ku Local Court. Ngati munalembetsa pansi pa Marriage Act, mwamuna sangakwatire wina ukwati wanu usanathe. Ndipo kusabereka si chilolezo chomenyera munthu, kumutukwana kapena kumutulutsa usiku. Lamulo la 2011 loletsa nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi limawerengera ngakhale nkhanza za mawu ndi za chuma, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit. Simunanene kuti amakumenyani, ndiye sindiwanamizira. Chimene ndaona m'kalata yanu n'chakuti okankha za mitala ndi akwawo, osati iwo. Munawafunsapo, muli awiri, chimene iwo eni akufuna? Mwina nawonso sagona.

Kulola kapena kuchoka mudzasankha nokha, pepala lili m'manja. Ndaona akazi amene analola mitala n'kukhala mwamtendere, ndaonanso ambiri amene anasanduka antchito olera ana a mkazi wamng'ono. Kwa ine apongozi anabweretsa mtsikana mpaka pakhomo, atanyamula kachikwama, akuti wabwera kudzandithandiza ntchito. Ndinamuphikira nsima, ndinamuyalira mphasa pabalaza, manja akunjenjemera. Tsiku lachitatu amuna anga anamukweza panjinga kumubweza kwawo, ndipo sitinakambepo za iye mpaka lero. Sindikuwasandutsa mngelo, tinali ndi zaka zathu zoipa, koma tikukalamba limodzi.

Nanga pepala likadzanena zimene linanena kwa ine? Ilipo njira imene amatenga dzira ndi mbewu n'kuzikumanitsa mu labu, kenako n'kubwezera m'chiberekero osadzera m'machubu. Amati IVF. Mwana woyamba wobadwa motero, Louise Brown, anabadwa ku England mu 1978, ndipo lero ndi mayi wa ana ake. M'masiku anga ankati upite ku South Africa, ndipo pa malipiro a uphunzitsi sindikanatha. Tsopano zipatala zina zapulaiveti ku Lusaka zimachita, koma mtengo wake ndi wogulitsira munda ndi ng'ombe, ndipo si nthawi zonse imagwira ulendo woyamba. Musadzagulitse kanthu musanafunse dokotala kuti pa msinkhu wanu mwayi ndi wochuluka bwanji, ndipo akuuzeni m'manambala.

Chatsala ndi chimene simunafunse koma chadzaza kalata yonse, njala ya mwana. Sindikuuzani kuti muiwale, chifukwa kuno sakulola kuiwala. Mkazi akabereka amataya dzina lake n'kukhala amake uje, ndipo wosabereka amatsala ndi dzina la pautsikana mpaka imvi, ngati mwana wa sukulu. Pamaliro amakutuma kotunga madzi ndi atsikana, anzako a msinkhu wako atakhala m'nyumba ndi anamfedwa. Tsiku la sikelo msewu wonse ndi mbereko zokhazokha. Mlaliki akatsegula za Hana kapena Sara, tchalitchi chonse chimakucheukira ndi maso achifundo, iwe n'kumalakalaka benchi itakumeza. Ndipo maulaliki amenewo onse amathera pa mwana. Sindinamvepo wolalikira za mkazi amene anapemphera mpaka kusiya kusamba. Koma tilipo, timaimba nawo kwaya, timasesa nawo tchalitchi Loweruka.

Mudzamva nsanje mng'ono wanu akaima kachitatu asakufuna n'komwe. Si ufiti umenewo. Tsiku limene mtima walola pitani mukaone mwana, tsiku limene sunalole tumizani sopo.

Mkulu wanga atamwalira ndinatenga mwana wake wamkazi ali ndi zaka zitatu. Amanditcha amama, ndipo pang'ono ndi pang'ono anthu anayamba kunditchula ndi dzina lake. M'chinenero chathu mawu ndi amodzi, kubereka, onena za kutulutsa mwana m'mimba ndiponso kumunyamula kumsana. Ine ndinachita kumodzi kokha. Akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo n'zoona, ndingamufere mwana ameneyu. Koma ndinganame nditati anakwirira dzenje lija. Dzenje lilipobe, kungoti ndinasiya kugweramo tsiku ndi tsiku. Ngati inu ndi amuna anu mudzaganize zolera mwana woti si wa pachibale, musadzatenge mwachinsinsi kwa munthu. Pitani ku ofesi ya Social Welfare, pakuti nkhani zimenezi zili pansi pa Children's Code Act ya 2022 ndipo zimathera kukhoti. Koma zimenezo ndi za m'tsogolo, ndipo munthu asakukankhireni mwana wa m'bale pongofuna kukutsekani pakamwa.

Chilimba cha ulendo uno chisapite kwa sing'anga wachinayi. Gawani pawiri: zina musunge za sikani, za labu ndi basi ya ku Lusaka ngati idzafunike, zina muwonjezere belo la salaula. Bizinesi imeneyo musaileke ife, ndi imene idzakupatseni mawu pabwalo la ankhoswe, kaya mukhala kaya muchoka.

Mukapita mundilembere, ngakhale zotsatira zitakhala zowawa, makamaka zikakhala zowawa. Za mbereko ija, musaitaye, musapatsenso munthu. Koma muziitulutsa nthawi ya chilimwe muziyanika padzuwa. Yanga ndinaitsekera zaka 11 osafuna n'kuiona komwe. Tsiku limene ndinaifuna kuti ndibereke mwana wa mkulu wanga popita kumanda a mayi ake, ndinapeza njenjete zitaiboola pakati, ndinachita kubwereka chitenje kwa aneba.